Bango, inki ndi ana apabwalo: momwe ntchito yayendera kuyambira Meyi

Ntchito yanga ndi kulemba zikwangwani kuno ku Zomba. Kwa zaka 17 ndakhala ndikulemba mayina a magolosale, masaluni ndi mabutchala, ndipo dzanja langa linazolowera lula ndi chingwe: mzere uwongoke, unenepe mofanana kuyambira poyamba mpaka pothera, chilembo chitsekeke bwinobwino. Mu 2024 ndinafuna kujambula ana amene amasewera pabwalo la kuseri kwa nyumba yathu, zithunzi 12 za inki yakuda yokha, popanda pensulo, popanda labala. Ndakhala ndikulemba zonse m'kope kuti wina wofuna kuyesa asataye ndalama pomwe ine ndinatayira.

4 Meyi 2024

Ndagula limu imodzi ya mapepala a A4 pa K11,500. Mlamu wanga wandibweretsera kuchokera ku Blantyre kabotolo ka inki yojambulira ka mamililita 30 pa K14,000, ndi tizitsulo tiwiri tolembera tonyika mu inki pamodzi ndi kamtengo kake pa K9,000. Chitsitsireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala wathayu, chilichonse chochokera kunja mtengo wake umabaya pamtima. Zonse pamodzi K34,500.

Ndisanajambule kanthu ndayenda khomo ndi khomo, makomo asanu ndi awiri, kukapempha makolo. Bambo wamkulu kukhala pansi n'kumayang'anitsitsa ana a eni uku akulemba m'pepala, anthu angaganize zina, ndipo sangakhale olakwa. Onse alola. Gogo wina wangoti, "Mwana wanga, ukamaliza udzationetse, tisamangomva."

11 Meyi

Sabata yonse yapita pachabe, pamodzi ndi mapepala 30.

Ndinajambula ana pafoni akusewera fulaye, n'kusindikiza zithunzi zinayi, kuziika pagalasi la zenera, pepala loyera pamwamba, n'kumatsatira m'mbali mwa thupi ndi kachitsulo. Chilichonse chinatuluka m'malo mwake, zala zisanu, mapindiro a diresi, ngakhale zingwe za patapata. Koma mayi a kunyumba atayang'ana anati, "Bambo a ana, ana awa akukhala ngati aima kudikira chithunzi cha chitupa." Ananena zoona. Mtsikana amene pafoni anali m'malere kuzinda mpira, papepala langa anauma gwa ngati chidole cha m'sitolo ya zovala. Mzere unali umodzimodzi paphewa, pabondo ndi pachidendene, wonenepa chimodzimodzi, wotsekeka mbali zonse ngati chilembo O cha pachikwangwani.

Vuto lina ndi la kachitsulo. Ukakakankhira m'mwamba pa pepala la limu kamakola, kenako n'kuthowa, inki n'kuwazika timadontho. Kamafuna kukokedwa chotsika basi, pang'onopang'ono.

19 Meyi

Lero sindinagwire inki. Ndakhala masana onse pakhonde ndikuyang'ana pafoni chojambula chimodzi cha Rembrandt, mmisiri wa ku Amsterdam amene anabadwa mu 1606 n'kumwalira mu 1669. Anachijambula cha m'ma 1656, chimasungidwa ku British Museum ku London, ndipo ndi kapepala kakang'ono, kosaposa dzanja lotambasula. David Hockney, wojambula wa ku England, wakhala akunena kuti palibe chojambula china choposa chimenechi. Chikuonetsa mwana akuphunzitsidwa kuyenda.

Kamwanako kali pakati, ndipo awiri akagwira uku ndi uku atawerama. Patsogolo pake munthu wanjuta, akukaitana. Ndinakuza chithunzicho mpaka kuona pomwe cholembera chinadutsa. Msana wa mtsikana amene wagwira mwanayo ndi mizere yowerengeka yokha, yonenepa, yokokedwa mothamanga, ina inki inathera panjira n'kusiya mikwasa. Nkhope yake sikuoneka, koma ukudziwa kuti maso ake onse ali pa mapazi a mwana, chifukwa cha mmene khosi lapendekera. Chimene chinandigwira kwambiri ndi mayi wodutsa kumbuyo atanyamula ndowa. Mkono womwe uli ndi ndowa watsika mowongoka, winawo wauponya kumbali kuti asagwe. Aliyense amene anatungako madzi pamjigo akudziwa kuti ndowa imeneyo ndi yodzaza, chonsecho za m'ndowamo sanazijambule. Kulemera kwake kuli mu mkono winawo, umene sunagwire kanthu.

Ndinaona zinthu ziwiri zoti nditengepo. Mzere wake umanenepa pomwe thupi latsamira, umawonda kapena kuduka kumene pomwe thupi lapepuka. Chachiwiri, zojambula zake zambiri za zaka zimenezo anazichita ndi cholembera chosema kuchokera ku bango. Bango ndiye tili nalo lambirimbiri m'mphepete mwa Likangala.

1 Juni

Kabaza kupita ndi kubwera kumtsinje K2,000, malezala K600.

Ulendo woyamba ndinadula bango laliwisi, lobiriwira, poganiza kuti ndilo losavuta kusema. Kusemako linasemeka, koma nditanyika kasanu nsonga inafewa ngati mswachi wotafuna. Lofunika ndi louma lokha pamtengo, lachikasu, lonenepa ngati chala chaching'ono, ukaligogoda lizilira. Ndinabwereranso.

Kasemedwe kamene kandiyendera ndi aka. Ndimadula kachidutswa kotalika ngati bolopeni, ndikusiya mfundo kumapeto kogwirira. Kutsogolo ndimasenga mopendeketsa ngati mmene timasongolera chinangwa chobzala, kenako ndimapala ufa wa m'kati mpaka khungu lolimba litsale. Ndimachepetsa m'mbali zonse ziwiri kuti patsale lilime la mamilimita atatu kapena anayi, ndikuligoneka pa thabwa n'kudula nsonga kamodzi, thwee. Pomaliza ndimang'amba lilimelo pakati, pomwe inki izitsikira.

Pong'amba m'pamene ndinaononga zisanu ndi chimodzi. Mng'alu umathawa n'kukafika kumfundo, cholembera n'kukhala zibanthu ziwiri. Mankhwala ake ndi singano: iotcheni pamoto, boolani kabowo pomwe mukufuna mng'alu ukathere, kenako muzing'amba. Umakaima pakabowopo. Mwa zidutswa 15 ndapeza zolembera zisanu zabwino.

Bango limamwa inki yambiri n'kuitaya msanga. Ukangoliika papepala limasiya mzere wakuda bii, wonenepa, ukamapitirira umanka nuwonda, kenako umayamba kukwasakwasa ngati tsache pa dothi louma. Ukalitembenuzira cham'mbali limalemba kamzere kowonda ngati ulusi. Tsiku loyamba ndinkadandaula kuti silimvera. Pofika madzulo ndinazindikira kuti mzere wa msana wa mtsikana uja wa Rembrandt unatuluka chonchi.

8 Juni

Koyamba kukhala pabwalo penipeni, pa kampando, thabwa pamiyendo, botolo la inki pansi. Theka la ola loyamba palibe chinachitika chifukwa ana onse anasiya masewera n'kundizinga. "Ankolo, mundijambule ine! Ankolo, ine!" Ena anaima chilili manja m'chiuno. Ndinangokhala osalemba kanthu mpaka anatopa nane n'kubwerera ku fulaye wawo.

Mwana sangakudikire. Ukati uyang'ane mwendo, wapita kale. Mapepala khumi oyamba ndinkathamangitsana nawo, maso kwa mwana, maso papepala, ndipo zinatuluka ndi zidutswa zosagwirizana. Kenako ndinasintha. Mu fulaye zinthu zimabwerezabwereza: awiri akugenda kuchokera uku ndi uku, wapakati akuzinda, mpira ukapita kutali iye amagwada msangamsanga kuthira mchenga m'botolo. Ndinasankha kanthawi kamodzi kokha, pomwe wagwada koma mutu watembenukira komwe mpira ukuchokera, thupi likufuna kale kudzuka. Ndinakayang'ana kasanu, kasanu ndi kamodzi, dzanja lili duu. Kenako maso papepala osadzutsanso, n'kukoka mzere umodzi kuchokera pankhongo, kutsika msana, mpaka pachidendene chimene chanyamula thupi. Zina zonse zimapachikika pamzere umenewo. Ukaulakwa, tembenuza pepala, usakonze.

Mapepala 42 lero. Awiri ndi amoyo. Pa limodzi mwa awiriwo mkono wamanja ndi wautali kuposa mmene uyenera kukhalira, ndipo inki inathera pachigongono, dzanja n'kungokhala timikwasa titatu. Ndinafuna kulidzaza. Ndinadziletsa, ndipo m'mawa mwake ndinaona kuti timikwasa timeneto ndi timene tikuthira mchenga mofulumira.

15 Juni

Mpira wachikulunga wa anyamata unagunda botolo. Inki ya K14,000, yomwe inali isanafike ndi theka lomwe, inamwedwa ndi dothi ndikuona. Kamnyamata kamene kanamenya mpirawo kanaima patali kakunjenjemera, ndipo ndinachita kukaitana kuti kasaope, wolakwa ndi amene anaika botolo lotsekula pabwalo la mpira. Kuyambira lero inki ndimathira pang'ono m'kachitsekerero ka botolo, n'kukakwirira theka mumchenga m'chitini. Botolo lenileni limatsala m'nyumba.

Ndalama yogulira ina panalibe, ndiye ndapanga yanga. Inki yakuda imeneyi kuyambira kalekale ku China ndi mwaye wosakaniza ndi zomatira, basi. Ndagula palafini wa K1,500 ndi sipiriti wa K1,200. Ndinayatsa koloboyi panja, chingwe chake nditachikweza kuti afuke, n'kuvundikira mbale yachitsulo pamwamba pa lawi, itakhazikika pa njerwa ziwiri. Mphindi khumi zilizonse ndimapala mwaye ndi nthenga ya nkhuku. Madzulo atatu anandipatsa masipuni aang'ono anayi.

Nditathira madzi mwayewo unangoyandama, osalowana, ngati ufa wa makala pamwamba pa chithaphwi. Uli ndi mafuta. Muyambe mwaunyowetsa ndi timadontho ta sipiriti mpaka ukhale phala, kenako muzithira madzi a utomoni. Utomoniwo ndinatola pa mtengo wa mthethe, timibulu touma tonga galasi, n'kuviika usiku wonse m'madzi ofunda, n'kusefa pa kansalu. Ndinapera phalalo ndi kumbuyo kwa sipuni m'sosala kwa ola lathunthu. Koyamba utomoni unachepa, inki itauma inkachoka ndi chala. Kachiwiri unachuluka, inkanyezimira n'kumata mapepala. Pakati pake ndi pomwe ikauma ukapaka chala sichida, koma siwala.

29 Juni

Chiperoni chagwa masiku anayi, phiri losaoneka, mvula yowaza yosaleka. Ana sanatuluke kwenikweni, ndipo mapepala a limu amwa chinyezi. Ukaika bango, mzere umayanga timizu m'mbali ngati nkhungu pa nsima yogona, pepala n'kukwinyika. Ndagula manila oyera khumi pa K700 lililonse, K7,000, n'kuwadula panayi. Amapirira bwino, ngakhale kuti kusalala kwake kumachepetsa mikwasa ija ndimaikonda. Mapepala onse tsopano ndimasunga m'jumbo yomanga, ndipo ndisanatuluke ndimawayanika pafupi ndi mbaula.

Inki yanga yachita nkhungu pamwamba ndi kafungo kowawasa, patangotha masiku khumi ndi awiri. Ndiyenera kusungunula yokwana sabata imodzi yokha, mwaye wotsala uzikhala wouma m'kabotolo. Dziwaninso kuti siilimba kumadzi. Dontho limodzi lochokera kudenga linagwera pa chithunzi cha atsikana a jingo n'kusungunula chingwe chonse. Yogula ija ikauma yauma, chifukwa amaikamo shellac, utomoni wonga vanishi umene ukauma susungunuka ndi madzi.

13 Julayi

Nkhope zandisautsa milungu iwiri. Thupi limatuluka lothamanga, koma ndikafika pamutu dzanja la zikwangwani limadzuka: maso awiri ofanana, mphuno, kamwa lomwetulira ngati la pachikwangwani cha saluni. Nkhope ikangolowa choncho, diso la woonera limakakamira pomwepo, thupi lonse n'kuima.

Amene wandimasula ndi Feng Zikai wa ku China, amene anabadwa mu 1898 n'kumwalira mu 1975 ku Shanghai. Iyeyu ankajambula ana ake omwe ndi bulashi ndi inki m'zaka za m'ma 1920. Pa chojambula china kamnyamata kake katenga zokupizira mphepo ziwiri zamasamba a mgwalangwa, imodzi kutsogolo ina kumbuyo pakati pa miyendo, kakuyendetsa ngati njinga. Pa china kamtsikana kake kakuveka nsapato miyendo inayi ya mpando. Ndinaseka ndekha chifukwa dzulo lake ndinali nditaona kamwana ka pakhomo loyandikana nalo katabereka chitsononkho kumbuyo ndi kansalu, kakuchisisita kuti chigone. Nthawi zambiri Feng nkhope ankaisiya yopanda maso, pena kakamwa kokha, pena popanda chilichonse. Mzere wake si wothamanga ngati wa Rembrandt. Ndi wodekha, wonenepa, wozungulira ngati munthu akulemba kalata mosafulumira, koma amadziwa poimira. Mwana yense ali m'kapendekedwe ka mutu ndi mmene timiyendo tatagalalira pa njinga yake yabodzayo.

Ndayesa. Mutu ndi mzere umodzi wosatsekeka, khutu, ndi kadontho ka kamwa ngati mwana akukuwa. Ndinapita nazo kwa gogo uja monga ndinalonjezera. Mayi wina amene analipo sanakondwe. "Bambo, mwana wanga mwamuchotsa maso chifukwa chiyani? Zimenezi si zabwino." Ndinamvetsa, ndipo sindinatsutse. Ndinawauza kuti cha mwana wawo ndidzaika maso, ndipo ndaika, timadontho tiwiri ndi nsonga ya bango. Tili pomwepo mdzukulu wa gogoyo, wa Sitandade 3, analoza pepala lina la jingo n'kunena dzina la mnzake. Nditamufunsa kuti wadziwa bwanji popeza nkhope palibe, anati, "Amadumpha chonchi, zigongono kumbuyo ngati nkhuku." N'zoonadi, amadumpha choncho, ndipo ine pojambula sindinadziwe kuti ndaziika.

27 Julayi

Ndagula inki ina, tsopano K15,500. Ndayamba galimoto zamawaya.

Apa kachitsulo kaja ndinakasiya mu Meyi kabwerera ntchito. Galimoto yamawaya ndi mizere kale, mnyamata anaijambula ndi waya m'malere: matayala a zitsekerero, chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Bango limainenepetsa n'kuoneka ngati yachitsulo cholemera. Ndiye galimoto ndimajambula ndi kachitsulo, mzere wowonda wosaduka, monga dzanja langa linazolowera, ndipo mnyamata ndimamujambula ndi bango. Kusiyana kwa mizere iwiriyo kwandipatsa chithunzi chimene ndikuchikonda kuposa zonse: mnyamata wakhotetsa thupi lonse pokhota kona, phewa limodzi pansi, kabudula ndi mikwasa iwiri, pamene galimoto yake ili phee, yowongoka, ikumvera. Waya wa chiwongolero ndinaukoka kamodzi kuchokera m'manja mpaka kumatayala, mpweya nditaugwira.

Tsiku lomwelo ndinapha china chabwino. Anyamata atatu akuthamangitsa tayala ndi timitengo tiwiri, chinatuluka m'mphindi imodzi, chamoyo. Usiku ndinati ndiwonjezere nyumba kumbuyo, mtengo wa mango, mthunzi pansi, mizeremizere ya tayala. Pomaliza anyamata anamira m'zinthu. Inki siibwerera. Tsopano chojambula chikatuluka pabwalo ndimachiika m'jumbo, sindichigwiranso ndi cholembera mpaka patapita masiku awiri, ndipo pansi ndimangoika kamzere kamodzi kapena kadontho pomwe phazi lagunda, kuti mwana asayandame.

10 Ogasiti

Ndinagula buku la mapepala okhuthala ojambulapo a A3, mapepala 20, pa K19,000, kuti ndikopere zabwino zija pa pepala laulemu. Zakanika. Pepala lililonse ndi K950, ndipo dzanja limadziwa zimenezo, limayenda mwamantha. Ndinakopera cha fulaye katatu, katatu konse mkono unatuluka wolondola, msana wolondola, mtsikana wouma ngati wa mu Meyi uja. Zomwe zatsala ndazidula pawiri n'kupita nazo pabwalo, pansi pa mulu wa mapepala wamba, kuti ndizifikepo dzanja litatentha kale osadziwa kuti lafika pa lodula. Mwa njira imeneyi zatuluka zitatu. Zinazo zikhala pa mapepala omwe zinabadwira, ngakhale lina lili ndi chidindo cha chala cha mwana pakona.

Katoni yolimba yomatapo ndi guluu K6,000. Ndalama zonse kufika lero K87,300. Mapepala opita pafupifupi 430, zolembera zabango zisanu ndi zinayi, zitatu zatha kusongoka mpaka kumfundo.

Ndili ndi zithunzi zisanu ndi zinayi mwa 12: fulaye ziwiri, jingo ziwiri, galimoto zamawaya ziwiri, mpira chimodzi, masanje chimodzi, ndi kamwana ka chitsononkho. Phada ndiye wandikanika mpaka pano. Mwana akamadumpha ndi mwendo umodzi m'mabokosi aja, pali kanthawi pomwe phazi lachoka pansi koma thupi silinayambe kutsika, mwendo winawo wapindika kumbuyo, manja akupalasa. Ndikanenepetsa mwendo wodumphawo amaoneka ngati waima, ndikauwondetsa amaoneka ngati akugwa. Ndayesa mapepala oposa 50. Dzulo ndinaona kuti mwina kulemera ndikuika polakwika, kuyenera kukhala m'chiuno ndi m'phewa, mwendo n'kuusiya uduke usanafike pansi, mabokosi okha ndiwo akhale akuda.

Sukulu zatsekera, ana ali pabwalo kuyambira m'mawa. Lolemba ndipita ku Likangala kukadula bango lina anthu asanayambe kutentha tchire, ndipo ulendo uno ndisema ziwiri za lilime lalikulu, mamilimita asanu ndi limodzi, za mabokosi a phadawo.